Msewu wayera mbee: mmene mungayendetsere galimoto pa sinowo ndi ayezi koyamba

Galimoto ndinaphunzirira ku Lilongwe, ndipo matope a dzinja m'misewu ya kwathu ku Dedza ndinali nditawazolowera. Nditafika ku Scotland n'kupeza ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ntchito yoti umazungulira nyumba zingapo kuyambira mbandakucha, ndinkadziyesa katswiri. Kuno amayenda kumanzere ngati kwathu, misewu ndi yatala paliponse, nanga chovuta chingakhale chiyani? M'mawa wina wa Januwale ndinkatsika kamtsetse kosanunkha kanthu, kolowera pamphambano, liwiro losafika n'komwe 15 mph, pafupifupi makilomita 24 pa ola. Ndinaponda buleki. Pedulo inayamba kunjenjemera pansi pa phazi, kukumveka gudugudu ngati china chathyoka, ine mantha, phazi n'kuchotsa. Ndinapinda chiwongolero kumanzere, galimoto ayi, ikungopita kutsogolo mwakachetechete ngati bwato. Inakaima itagunda simenti ya m'mphepete mwa msewu tsidya linalo, limu itapindika. Mwayi wanga unali woti pamsewu waukulupo sipanadutse basi.

Bambo wina wachikulire amene ankakolopa sinowo pakhomo pake anabwera ndi fosholo yake m'manja, nandifunsa ngati ndavulala. Atamva kuti ndili bwino anangoti, "Buleki ija bwenzi mutayiponda uko kumtunda, musanayambe kutsika. Pano munali mutachedwa kale." Zambiri zimene ndilembe pansipa zikuchokera pa mawu amenewo. Pa ayezi chilichonse chimachitidwa msanga ndiponso mofatsa, ndipo zambiri zimathera panyumba injini isanalire.

Dzulo lake usiku

Yambani ndi nyengo. Bungwe loona za nyengo ku Britain la Met Office limatulutsa machenjezo a mitundu itatu: wachikasu, wa amber (wooneka ngati lalanje), ndi wofiira. Wachikasu ukutanthauza kuti konzekerani, ulendo ukhoza kuvuta. Wa amber ndiye muyambe kudzifunsa ngati ulendowo ndi wofunikadi. Wofiira satulutsa wambawamba, ndipo ukatuluka moyo wa munthu uli pachiswe, khalani pansi. Kumapeto kwa Febuluwale 2018, pa chimphepo chija anachitcha Beast from the East, chigawo chapakati cha Scotland chinalandira chenjezo lofiira, ndipo magalimoto mazanamazana anagona pamsewu wa M80 usiku wonse, anthu ali momwemo. Ambiri mwa iwo anali madalaivala obadwira mu sinowo momwemo.

Apa ndiyankhule ndi anzanga a ntchito zosamalira anthu, chifukwa ife ndi amene timatuluka nthawi imene ena onse afunda. Timaopa kukana. Munthu wabwera pa viza ya ntchito, kumudzi akudikira ndalama ya fetereza, ndiye kuimbira ku ofesi kuti "lero msewu wakanika" kumaoneka ngati kudziitanira tsoka. Koma imbani usiku womwewo, musadikire m'mawa. Nenani mosabisa kuti simunayendetsepo pa sinowo. Funsani kuti ndi nyumba ziti zimene sizingadikire, za anthu ofuna mankhwala pa nthawi yake, ndi ziti zimene zingasunthidwe kufika masana msewu utasungunuka. Ofesi yanzeru imakonda kusintha ndandanda kusiyana n'kumva kuti wantchito ali m'ngalande ndipo agogo asanu sanaonedwe.

Kenako sankhani njira. Foni imakonda kukudutsitsani m'tinjira tachidule, ndipo timeneto ndi timene sitithiridwa mchere wosungunula ayezi. Makhonsolo amayamba ndi misewu ikuluikulu ndi yodutsa mabasi. Njira yotalika ndi mphindi khumi koma yodutsa basi ndi yabwino kuposa kanjira kokwera phiri pakati pa minda. Ngati ulendo ndi wautali, dziwani misewu imene imayamba kutsekedwa: A66 yodutsa mapiri a Pennines, Snake Pass pakati pa Manchester ndi Sheffield, ndi A9 pamalo okwera a Drumochter, pomwe pali zipata zimene amatseka sinowo ikachuluka. Onjezani nthawi yochuluka pa ulendo wanu, ndipo wina adziwe kumene mwalowera.

Galimotoyo ikhale yokonzeka

Matayala ndiwo nkhani yaikulu, chifukwa kamalo kamene tayala lililonse limagunda pansi n'kongofanana ndi chikhatho cha dzanja. Lamulo la ku Britain limafuna kuti timizere ta tayala tikhale takuya mamilimita 1.6 kapena kuposa, ndipo tayala limodzi lakutha likhoza kukudyerani chindapusa chofika £2,500 ndi mapointi atatu a chilango pa laisensi. Koma 1.6 ndi ya apolisi. Pa nyengo yozizira funani mamilimita 3. Tengani kobiri ya 20p, muilowetse m'kamzereko: ngati mkombero wakunja wa kobiriyo ukuonekabe, tayalalo latha. Chizolowezi chathu chogula matayala a kaunjika n'kumati bola likuzungulira, pano chisiyeni kaye.

Alipo matayala opangidwira nyengo yozizira, okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka sinowo mkati mwake. Mphira wake suuma kukazizira, ndipo amagwira bwino kukatsika pansi pa madigiri 7. Ku Britain sakakamiza, ngakhale ku Germany lamulo limawafuna msewu ukakhala wa sinowo kapena ayezi. Ngati mumakhala kumapiri kapena mumatuluka usikusiku tsiku ndi tsiku, matayala a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro chimenechi ndi ndalama yogwiritsidwa bwino ntchito. Muike onse anayi, osati awiri okha.

M'thanki ya madzi otsukira galasi musathiremo madzi apampopi. Amaundana, ndipo tsiku limene lole idzakuwazani matope amchere pagalasi, mudzakoka kandodo kaja osatuluka kanthu. Gulani screenwash yolembedwa kuti imapirira kuzizira, muthire mosasungunula kwambiri. Batire ngati yayamba kale kulira mwaulesi mu Novembala, mu Januwale idzakusiyani. Mafuta asatsike pansi pa theka, chifukwa ulendo wa theka la ola ukhoza kusanduka wa maola anayi, ndipo chotenthetsa m'galimoto chimadalira injini.

M'buti muikemo chopalira ayezi, botolo la mankhwala osungunula ayezi otchedwa de-icer, tochi, bulangete, magolovesi, chipewa, nsapato zolimba, kafosholo, mawaya olizira batire, madzi akumwa, mabisiketi, ndi chingwe chotchajira foni. Ine ndimaonjezera makapeti akale awiri, ntchito yake ndinena kutsogoloku. Chopalira china chizikhala m'nyumba, poti tsiku lina zitseko za galimoto zimamatirira, chopaliracho chili mkati.

M'mawa, musanakhale pampando

Dzukani mphindi khumi ndi zisanu msanga. Lizani injini, tsegulani mpweya wotentha wolunjika pagalasi lakutsogolo, yatsani AC kuti iumitse chinyontho, yatsaninso chotenthetsa galasi lakumbuyo. Musanakhudze mawaipa, onani ngati sanamatirire pagalasi, chifukwa mukawayatsa atamata mung'amba mphira kapena kupsereza fyuzi. Ndipo musabwerere m'nyumba kukamwa tiyi galimoto ikulira yokha panja. Pamsewu wa boma n'kulakwira lamulo, akuba amadziwa bwino m'mawa wotere, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi salipira galimoto yobedwa kiyi ali momwemo.

Madzi otentha a m'ketulo pagalasi, ayi. Ndikudziwa kuti amakopa, ntchito yake imaoneka yachangu. Galasi lozizira likalandira kutentha mwadzidzidzi limang'aluka, makamaka ngati linali kale ndi kachilema ka mwala, ndipo madzi otsikira pansiwo amaundana pomwe mudzaponde mawa.

Chotsani sinowo yonse, kuyambira padenga. Palani magalasi onse, akutsogolo, akumbuyo, am'mbali, ndi oonera kumbuyo. Pukutani magetsi ndi nambala ya galimoto. Ena amaboola kabowo kokwana nkhope pagalasi n'kunyamuka akusuzumira ngati kamba. Highway Code imanena momveka kuti muyenera kuona bwino pamagalasi onse musananyamuke. Sinowo ya padenga ndi yachinyengo: mkati mukatentha imasungunuka kunsi, ndiye nthawi yoyamba kuponda buleki pamaloboti, chigulu chonse chimatsetserekera pagalasi, mdima bii. Pomaliza gugudani nsapato musanalowe. Sinowo yomata kunsi kwa nsapato imaterera pa pedulo. Chijasi chachikulu chivuleni kuti lamba agwire thupi bwino, ndipo ana musawamange pampando wawo atavala majekete otukumuka.

Kunyamuka

Ngati galimoto yanu ndi ya magiya, nyamukani ndi giya yachiwiri. Tulutsani kilatchi pang'onopang'ono, moto wochepa zedi, mwina osaponda n'komwe. Giya yoyamba imatumiza mphamvu zambiri kumatayala, ndiye amangozungulira pamalo amodzi n'kupukuta sinowo kusanduka galasi. Mukangoyenda, kwezani magiya msanga kuti injini izilira motsika. Ya otomatiki, onani ngati ili ndi batani la sinowo kapena chilembo W. Ngati palibe, ingochotsani phazi pa buleki, galimoto iyambe kukwawa yokha, kenako muonjezere moto ngati mukuponda dzira. Galimoto zoyendera magetsi zimanyamuka ndi mphamvu nthawi imodzi, choncho ziikeni pa Eco, ndipo chepetsani kugwira kumene zimachita zokha mukachotsa phazi pamoto.

Apa ndi pamene nzeru za matope zimatinamiza. Kwathu ukaona chithaphwi umatenga liwiro, kuponda moto, matope akuuluka, anyamata akukankha kumbuyo akukuwa, mpaka tayala lipeze nthaka yolimba pansi. Pa ayezi pansi palibe chopeza. Tayala likayamba kuzungulira pachabe, chotsani phazi, lisiye, muyambirenso mofatsa kuposa poyamba. Kanyali kachikasu kakamaphethira pa dashibodi, ka chithunzi cha galimoto yokhala ndi timizere tokhotakhota kumbuyo, ndiye kuti kompyuta ya galimoto ikukuuzani kuti mwapyola muyezo.

Mukangotuluka pakhomo, pamalo owongoka, kumbuyo kulibe munthu, liwiro la munthu woyenda pansi, pondani buleki pang'ono kuti mumve mmene msewu ulili lero. Ine ndimachita zimenezi m'mawa uliwonse wozizira. Zimanditengera masekondi asanu, ndipo zimandiuza zambiri kuposa foni.

Mpata ndi liwiro

Highway Code imati pa sinowo ndi ayezi mtunda woimira ukhoza kuchuluka kakhumi poyerekeza ndi msewu wouma. Tiyeni tiuone bwino. Pa 30 mph, pafupifupi makilomita 48 pa ola, pouma mumafuna mamita 23 kuti muime. Kakhumi ndi mamita 230, kuposa mabwalo awiri a mpira olumikiza. Choncho mpata wa masekondi awiri umene munaphunzira uja, pamvula umakhala anayi, pa ayezi ukhale waukulu mpaka muziona ngati mukuchita manyazi. Wina akalowa mumpatamo, m'siyeni, bwererani m'mbuyo mupange wina. Wina akakumatirani kumbuyo akuphethiritsa magetsi, musathamange chifukwa cha iye. Onjezerani mpata wakutsogolo, ndipo pakapezeka malo abwino, patukani adutse.

Chikwangwani cha liwiro chimanena za tsiku labwino. Lero liwiro lanu ndi limene mungathe kuimira pamtunda umene mukuuona. Cruise control, makina osunga liwiro popanda inu kuponda moto, muzimitse. Yatsani magetsi apansi ngakhale masana, chifukwa magalimoto ambiri amakono amayatsa timagetsi takutsogolo tokha, kumbuyo kuli mdima, mwini osadziwa. Magetsi a chifunga ndi a pamene simukuona kupitirira mamita 100, ndipo kukayera muwazimitse. Sinowo ikamagwa usiku musayatse magetsi akutali, kuwala kumabwerera m'maso mwanu. Magalasi adzuwa akhale pafupi: mu Disembala ku Glasgow dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa isanakwane 4 koloko, ndipo tsiku lonse limakhala m'munsi, likuthwanima pamsewu wonyowa molunjika m'maso.

Mukakumana ndi lole yothira mchere, ipatseni mpata, ndipo yokankha sinowo musaipitirire, chifukwa kutsogolo kwake ndi kumene sikunakonzedwe. Msewu wothiridwa mchere musauyesenso wouma. Mchere umafuna matayala aupondeponde kuti ugwire ntchito, mvula imaukokolola, ndipo kukazizira kwambiri umachepa mphamvu.

Ayezi wosaoneka

Sinowo imaoneka, ndipo chifukwa choti imaoneka aliyense amasamala. Sinowo yatsopano yofewa imagwirako ndithu tayala. Choopsa ndi chimene kuno amati black ice: madzi oundana opyapyala, oonekera mkati, moti umangoona tala wakuda wonyezimira pang'ono ngati kwagwa kamvula. Umapangika usiku wopanda mitambo pambuyo pa mvula, kapena sinowo ya dzulo itasungunuka masana n'kuundananso usiku. Nthawi yake ndi mbandakucha, yomwe ija timapita kukadzutsa agogo.

Uli ndi malo ake okonda. Pamilatho ndi misewu yodutsa pamwamba pa inzake, poti mphepo yozizira imadutsa pansi ndi pamwamba. Pamthunzi wa mitengo ndi nyumba zitalizitali, pomwe dzuwa silifika. M'zigwa ndi pafupi ndi mitsinje. Pomwe madzi a m'munda amadutsa pamsewu. Pamphambano ndi pamaloboti, pomwe matayala ambiri apukuta sinowo mpaka kusalala. Galimoto zambiri zimaliza kabelu ndi kuonetsa kanyenyezi ka sinowo kunja kukafika madigiri 3 kapena 4. Musadikire 0, chifukwa pansi pamazizira kuposa mpweya umene galimoto ikuyeza.

Zimitsani wailesi mumvetsere. Tayala pamsewu wonyowa limalira tsiii, ndipo magalimoto akutsogolo amawaza madzi. Msewu ukamaoneka wonyowa koma palibe kuwaza, phokoso la matayala lazima zii, chiwongolero chapepuka m'manja ngati chamasuka, muli pa ayezi. Pamenepo musachite kanthu mwadzidzidzi. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, chiwongolero chikhale chowongoka, buleki musaikhudze, galimoto idutse yokha. Kawirikawiri kachigawoko kamakhala kakafupi.

Buleki, ndi kunjenjemera kuja

Chepetsani liwiro kutali, pochotsa phazi pamoto ndi kutsitsa giya mofatsa, buleki ikhale yongomalizira. Mukaona maloboti ofiira patali, yambani pomwepo, kuti mwina mufike atasintha musanaimiretu. Kilatchi potsitsa giya muitulutse pang'onopang'ono, chifukwa kuitaya mwadzidzidzi kumamanga matayala ngati buleki.

Koma tsiku lina mwana adzathamangira pamsewu, kapena wakutsogolo adzazungulira, ndipo mudzafunika kuima basi. Pafupifupi galimoto zatsopano zonse zogulitsidwa ku Ulaya kuyambira 2004 zili ndi makina a buleki otchedwa ABS. ABS imagwira ndi kusiya buleki kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti matayala asamangike, ndipo ndiko kunjenjemera ndi gudugudu kumene kunandiopsa ine. Sikuti china chathyoka. Pondani mwamphamvu, phazi likhale pomwepo, musapope, ya magiya mupondenso kilatchi, ndipo yang'anani kumene mukufuna kupita, muwongolere komweko. ABS imakuthandizani kuwongolera, koma siifupikitsa mtunda pa ayezi. Chimodzimodzi galimoto za 4x4: zimanyamuka bwino, zimakwera bwino, koma poima zili ndi matayala anayi ngati ina iliyonse, ndipo n'zolemera. Achimwene ena a kutchalitchi kwathu anagula chigalimoto chachikulu cha ku Germany chokoka ndi matayala akumbuyo, chokongola ndithu, koma sinowo itagwa chinakanika kutuluka ngakhale pamalo oimikapo, timagalimoto tating'ono tokoka ndi akutsogolo tikudutsa pambali pake.

Pokhota, pachitunda, pamtsetse

Tayala lili ndi mphamvu yochepa yogwirira pansi, ndipo ikatha yatha. Mukaigwiritsa ntchito pa buleki, yokhotera palibe. Ndiye chitani chimodzichimodzi: chepetsani liwiro msewu ukadali wowongoka, chotsani phazi pa buleki, khotani mofatsa ndi moto wongosunga liwiro, ndipo muonjezere moto mutawongoka. Pa raundabauti chimodzimodzi, ndipo musakhulupirire kuti wobwerayo aima chifukwa choti akuyenera kuima. Mwina akufuna, koma galimoto yake ikukana.

Pachitunda, dikirani m'munsi mpaka wakutsogolo afike pamwamba. Akakanika pakati inu muli kumbuyo kwake, nonse mwatsala pomwepo. Sankhani giya musanayambe, yachiwiri kapena yachitatu, tengani liwiro lochepa lokhazikika, mukwere osasintha giya ndi osaima.

Pamtsetse ndi pamene ndinagwera ine. Chepetsani liwiro muli pamwamba, pamalo athyathyathya, mpaka lifanane ndi la munthu woyenda pansi. Lowetsani giya yotsika, yachiwiri kapena yoyamba, pa otomatiki L kapena 2 kapena timapedulo ta kuseri kwa chiwongolero. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki muzingoikhudza mopepuka. Musatsike ndi nyutulo kapena mutaponda kilatchi, chizolowezi chopulumutsa mafuta chija cha pa Dedza potsikira ku Golomoti chisiyeni. Ndipo mtsetse ukaoneka wonyezimira, m'munsi mwake muli mphambano, palibe manyazi kubwerera kukazungulira kwina, kapena kuimika pamwamba n'kutsika wapansi.

Galimoto ikayamba kutsetsereka

Pali mitundu iwiri. Woyamba, mwapinda chiwongolero koma galimoto ikupitabe kutsogolo. Matayala akutsogolo ataya pansi. Mtima umakuuzani kuti pindani kwambiri, ndipo kumeneko n'kuonjezera vuto. Chotsani phazi pamoto, bwezani chiwongolero pang'ono kuti matayala ayambenso kugudubuzika, dikirani agwire, kenako mukhote mofatsa.

Wachiwiri, kumbuyo kwa galimoto kukuthawira m'mbali. Chotsani phazi pamoto mofatsa, buleki ayi, ndipo pindani chiwongolero kumene kumbuyoko kukupita: kukathawira kumanja, pindirani kumanja. Kukayamba kubwerera, wongolani msanga, apo ayi kudzathawira mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba. Ngati za kumanja ndi kumanzerezi zikusokonezani, gwirani ichi: maso akhale pamsewu pomwe mukufuna kupita, manja amatsata maso. Mukayang'anitsitsa mtengo, mukagunda mtengowo. Hendibuleki musaikoke.

Zimenezi kuwerenga sikukwanira, phazi liyenera kuzimva. Tsiku loyamba la sinowo limene simuli pantchito, pitani ndi mnzanu wozolowera pamalo aakulu oimikapo magalimoto opanda kanthu, kutali ndi mapolo a magetsi. Pa 10 mph pondani buleki mwamphamvu, mumve ABS ikugunda phazi. Bwerezani katatu kanayi mpaka mantha athe. Nyamukani ndi giya yoyamba, kenako yachiwiri, muone kusiyana. Ngati mukuphunzirabe kuti mupeze laisensi ya kuno, poti ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwakhazikika, pemphani aphunzitsi anu kuti phunziro limodzi lichitike tsiku lozizira.

Mukatitimira

Musalimbane ndi moto, mungokumba dzenje. Wongolani matayala akutsogolo. Tengani fosholo muchotse sinowo kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala ndi pansi pa galimoto. Makapeti aja muwalowetse pansi pa matayala okoka, omwe pa galimoto zing'onozing'ono zambiri ndi akutsogolo. Munthu asaime kumbuyo kwake, kapeti imatha kuuluka. Yesani giya yachiwiri mofatsa. Zikakanika, gwedezani galimoto: kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka itenge mphamvu yotulukira. Mu sinowo yakuya nthawi zina zimathandiza kuzimitsa traction control, makina oletsa matayala kuzungulira pachabe, kwa kanthawi, koma mukangotuluka muiyatsenso. Ndipo mukatuluka musaime pomwepo kuti mutole makapeti, pitani mpaka pamalo olimba, mubwerere wapansi.

Ngati msewu watsekeka ndipo mwatsala kutali ndi nyumba za anthu sinowo ikugwa, khalani m'galimoto. Munthu woyenda pansi mu chimphepo cha sinowo amasochera pafupi pomwepo, ndipo kuzizira kumafoola msanga. Imbirani kampani yanu yokoka magalimoto, ndipo ngati moyo uli pangozi, nambala ya zadzidzidzi ya kuno, 999. Valani zonse zimene muli nazo, fundani bulangete. Lizani injini mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu pa ola lililonse kuti mutenthedwe, koma nthawi iliyonse musanalize tulukani mukaone kuti paipi ya ekizozi sinakwiririke. Ikatsekeka, utsi wa carbon monoxide umabwerera mkati. Sununkha, suoneka, umangokugonetsa tulo, monga imachitira mbaula m'nyumba yotseka mawindo mu Juni. Tsegulani windo pang'ono mbali imene sikuchokera mphepo. Zikakhala kuti galimoto yafera pa motorway, msewu waukulu wa liwiro, ena akudutsabe mothamanga, pamenepo mpamene mumatulukira khomo lakumanzere n'kukaima kuseri kwa chotchinga, bulangete lanu m'manja.

Mukafika

Imikani pamalo athyathyathya ngati alipo, galimoto itayang'ana kotulukira, kuti mawa musavutike ndi rivesi pa ayezi. Pewani m'munsi mwa mtsetse ndi pakona, pomwe galimoto za ena zimathera zikatsetsereka. Zimitsani mawaipa musanazimitse injini, makamaka aja odziyatsa okha, kuti asadzadzuke m'mawa atamatirira. Pagalasi yalani chophimba chake kapena katoni, madzulo omwewo.

Potuluka, tsitsani mapazi onse awiri pansi, dzanja lili pachitseko, muyese kaye ngati pakuterera. Yendani timasitepe tifupitifupi, manja kunja kwa matumba, chikwama kumsana. Mayi wina amene ndinkagwira naye ntchito anayendetsa bwinobwino ulendo wonse wa m'mawa mu sinowo, nyumba zinayi, n'kukagwa pamasitepe a nyumba yachisanu, dzanja kuthyoka, milungu isanu ndi umodzi ali pakhomo. Kuchokera pamenepo ndimayenda ndi kachidebe ka mchere wa m'misewu m'buti, ndipo ndikafika pa agogo aliwonse ndimawaza pamasitepe ndisanagogode.